Tsiku limene anatiyendetsa pa Chisi

Aliyense wokulira m'midzi ya kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa amachidziwa chilumba cha Chisi ndi maso. Ukatuluka m'nyumba m'mawa n'kuyang'ana kotulukira dzuwa, ndi icho chili njo pakati pa madzi, chobiriwira m'dzinja, chotuwa m'chilimwe. Amayi amayamba ayang'ana mitambo ya pamwamba pake asanayanike mphale, ndipo asodzi pobwera usiku amawongola bwato poona mdima wa mapiri ake. Komabe ambiri a ife timakalamba osalowa m'kati mwake. Ena amangofika pagombe, kugula matemba n'kubwerera. Zigwa zake, minda yake ndi tinjira take zimadziwika ndi eni ake, ndiponso ndi amene eni akewo afuna kuwaonetsa. Mwayi umenewo unandigwera ine, ndipo bambo amene anandiyendetsa ndimawakumbukira mpaka lero.

Zinali pakati pa zaka za m'ma 1970, ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi nyanja. M'kalasi mwanga munali mnyamata wa pa Chisi amene ankakhala kwa achibale kumtunda kuno chifukwa cha sukulu. Atsibweni ake ankabwera mwa apo ndi apo ndi kadengu ka makumba owamba kudzamuona, ndipo sankabwerera osatilonjera aphunzitsife. Anali bambo wamfupi, wa mapewa a munthu wokulira m'bwato, wolankhula mosathamanga. Tsiku lina potsazika anati, "Aphunzitsi, mphwangayu akabwera kunyumba amatisimbira za mitsinje ya ku maiko akutali imene mwamuphunzitsa. Tikuthokoza. Koma nanunso tabwerani, tidzakuyendetseni kwathu." Sukulu zitatsekera, mphepo ya mwera itayamba kufooka m'mwezi wa Seputembala, ndinapalasa njinga ndi mnzanga wina wophunzitsa masamu kulowera ku Kachulu.

Tinafika kusanache bwino, koma doko linali litadzuka kale. Amayi anali pamzere ndi madengu, ogula nsomba ochokera ku Zomba ndi ku Limbe atatsamiritsa njinga zawo pa zisakasa, utsi wa nkhuni zowambira nsomba uli tolotolo. Atsibweni aja, pakuti nafenso tinatengera mwanayo kuwatchula choncho, anatikweza m'boti lamatabwa n'kutiuza kuti tikhale pansi pakatikati, manja tisaike m'mphepete. Mnyamata uja anakhala kutsogolo, iwo anaima kumbuyo ndi nsungwi yaitali. Chilwa ndi nyanja yosazama. Malo ambiri nsungwi imagunda pansi, choncho boti limayenda mochita kukankhidwa.

Poyamba tinalowa m'kanjira ka madzi pakati pa njedza zazitali kuposa munthu, moti chilumba tinasiya kuchiona. M'menemo ndi mmene ndinaonera pafupi zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama. Amapinda njedza, kuziunjika mpaka zitalimba, n'kumanga kachisakasa pamwamba pake. Moto amasonkha pa dothi limene anyamula kumtunda. Munthu amakhalamo miyezi osaponda nthaka. Atsibweni sanadutse chimbowera n'chimodzi chomwe osapereka moni, ndipo tikapitirira ankatiuza chapansipansi kuti awa ndi a ku Phalombe, awo ndi a ku Machinga, aja aoloka kuchokera ku Mozambique. Mbalame ndiye zosawerengeka: akakowa, atsekwe, zipiyo zouluka gulu zikuimba mluzu, anadititi othamanga m'mapesi a njedza, ndi avuwo akuluakulu akuyandama patali. M'zaka za m'ma 1990, pamene nyanjayi inalowetsedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika pa dziko lonse, mbalame zimenezi ndi zimene zinatchulidwa kwambiri. Ine nditamva nkhaniyo pa wailesi ndinakumbukira phokoso la m'mawa umenewo.

Titatuluka m'njedza, madzi anatambasuka, otuwa ndi matope, ndipo Chisi chinaonekanso, tsopano chachikulu kuposa mmene ndinkachionera kunyumba. Atsibweni anaimika boti pakati n'kugogoda pansi ndi nsungwi. "Apa, aphunzitsi, tinkadutsa ndi miyendo." Ankanena za 1968, chaka chimene nyanja inaphwa. Chilalacho ndinachiona ndili kumtunda, koma iwo anachiona ali m'kati mwake. Anasimba za nsomba zowolera m'matope, za ming'alu yolowa mwendo wa mwana, za fumbi loyera lolowa m'maso, za amuna amene anasenza maukonde kupita ku Chiuta ndi ku Malombe kusiya akazi ndi ana pa chilumba. Milamba ndi matemba zinapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'zithaphwi, ndipo madzi atabwerera nazonso zinabwerera. Kenaka anatunga madzi m'dzanja n'kutiuza kuti tilawe. Anali ndi kamchere. Mnzanga wa masamu anafotokoza kuti Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani zonse zimathira muno, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye dzuwa likamwa madzi mchere umatsala. Atsibweni anamvetsera mpaka anamaliza, n'kuvomereza kuti n'zoona, ndipo anawonjezera kuti ndi chifukwa chake mwana wa pa Chisi amaphunzira kuyenda pansi pa nyanja ndi pamwamba pake pomwe.

Tinakocheza dzuwa litakwera pang'ono. Ife maso anali kuphiri, koma iwo anati mlendo sakwera phiri la eni asanaonekere. Chisi ndi dera la Mfumu Mkumbira, ndipo mudzi uliwonse uli ndi nyakwawa yake. Tinapita kwa nyakwawa ya mudzi umene tinafikirawo, tinakhala pamphasa, atsibweni n'kufotokoza kuti awa ndi aphunzitsi a mwana wathu, abwera kudzaona dziko. Nyakwawa inafunsa za mvula ya kwathu, za mtengo wa mpunga ku Likangala, za khalidwe la mnyamata uja m'kalasi. Kenaka inati, "Yendani, dziko ndi lanu." Tsiku lonselo linayenda motero. Paliponse pamene panali anthu tinkaima. Achinyamata a masiku ano akamva izi amati tinkataya nthawi, koma ine ndimaona kuti moni umenewo ndi umene unatitsegulira chilumbacho. Pofika masana, ana a midzi ya kutsogolo ankatithamangira akudziwa kale kuti ndife yani.

Midzi ya pa Chisi inazungulira m'tsinde mwa mapiri, pa kadera kopapatiza pakati pa miyala ndi madzi. Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi milambe. Kumtunda kwathu iliko, koma ya pa Chisi ndi ikuluikulu, ndipo nyengo imeneyo inali itayoyola masamba, malambe ali lendelende. Pansi pa umodzi amuna ankasoka matchera. Pansi pa wina amayi ankatembenuza matemba oyanika. Atsibweni ankaudziwa mlambe uliwonse ndi nkhani yake: uwu ndi wa milandu, uwo m'phanga lake munali njuchi kuyambira iwo ali mwana, ujawo ndi malire a mabanja awiri amene anakangana kalekale n'kudzagwirizana pa ukwati.

Kenaka tinayamba kukwera. Njira inali ya miyala yogumukagumuka, ndipo iwo, opanda nsapato, ankaponda mosaphonya, akutiyembekeza pa mthunzi uliwonse popanda kutifulumiza. Mitengo inalipo yambiri masiku amenewo. Apusi ankatiyang'ana ali m'nthambi, mbira zikuthawira m'ming'alu. Tili pakati pa chitunda, atsibweni anatola mwala n'kundipatsa. "Taupimani, aphunzitsi." Unali wotuwira, wa timibulu tonyezimira. Titakwera kwambiri anatolanso wina, wofiirira mwakuda, wolemera kuposa msinkhu wake. Anati miyala ya pa Chisi imasintha munthu akamalowa m'kati: kunja ndi youma, yophwanya khasu, ukalowa imayera, pakatikati imada ndi kulemera. Anati ali mnyamata anaona azungu akukumba ngalande m'phirimo, akunyamula miyala m'timatumba, ndipo anyamata ena a pamudzi analembedwa ganyu yosenza.

Miyala iwiriyo ndinaiika m'thumba. Patapita nthawi, mnzanga wina amene ankaphunzira ku Chancellor College, sukuluyo itasamukira ku Zomba mu 1973, anandipezera zowerenga, ndipo ndinapeza kuti dongosolo limene atsibweni anatiuza poyenda ndi lomwelo limene akatswiri a za miyala analemba. Chisi ndi muzu wa phiri lophulika moto limene linazima zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Chiphalaphala chake chinali cha mtundu wosowa: chinali cha laimu wosungunuka wochokera pansi penipeni pa dziko, ndipo chitazizira chinasanduka mwala umene amautcha carbonatite. Mu 1937 Frank Dixey, mkulu wa ofufuza za miyala m'boma la Nyasaland, pamodzi ndi W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset, analemba za miyala ya kuno, ndipo aka kanali koyamba kuti mwala wa mtundu umenewu uzindikirike mu Africa. Mu 1958 M. S. Garson ndi Campbell Smith yemweyo anatulutsa buku lonse lonena za chilumbachi chokha. Abale ake a Chisi ndi Tundulu ku Phalombe ndi Kangankunde ku Balaka, ndipo pa dziko lonse lapansi phiri limene likulavulabe chiphalaphala chotere ndi limodzi, Ol Doinyo Lengai ku Tanzania. Mwala wotuwira uja unandithandiza zaka zambiri m'kalasi. Ndinkaukanda ndi mpeni, kufinyira ndimu pa ufa wake, ana n'kuona tithovu tikutuluka. Ndinkawauza kuti anthu a ku mayunivesite a kutali amadziwa dzina la chilumba chimene iwo amachiona ali pa bwalo la mpira, ndipo nkhope zawo zinkasintha.

Titafika pa mpata wa pakati pa zitunda, ndinaima kakasi. Kuchokera kumtunda Chisi chimaoneka phiri limodzi, koma pamwamba pake pali nsonga zingapo zoima motalikirana ngati mafuwa, ndipo pakati pake pali zigwa zotsetserekera mbali zosiyanasiyana. Kunalibe fungo la nsomba kumeneko, ngakhale phokoso la doko. Tinatsika m'chigwa china mmene munali timinda ta nandolo ndi chinangwa, mapesi a chimanga ndi a mapira atagonekedwa m'mizere kudikira mvula. Dothi lake linali lofiirira, lamafuta. Atsibweni anatisonyeza mizere ya miyala yoikidwa mopingasa kuti madzi a mvula asakokolole nthaka, n'kunena kuti ina anaiyala ndi agogo awo. Anatisonyezanso kamtsinje kouma, ndi malo amene ukafukula mchenga umapeza madzi okoma ngakhale mu Okutobala. Pa chilumba chozingidwa ndi madzi amchere, kudziwa malo oterewo n'chuma, ndipo iwo anawatchula motsitsa mawu.

Kumunsi kwa chigwacho kunali nyumba zowerengeka, ndipo pakhonde pa ina panakhala agogo aakazi akusenda nandolo. Atsibweni anagwada chapatali n'kuomba m'manja. "Odi, amayi, ndabwera ndi alendo." Agogowo anaitana mdzukulu kuti abweretse thobwa la mapira m'chipanda, ndipo sanalole kuti tinyamuke lisanathe. Atamva kuti ndife aphunzitsi anati, "Ana anga, mumawauza anawo chifukwa chake anthu anakhala pa miyala pano?" Ndipo anatisimbira zimene anamva kwa amayi awo. M'masiku a nkhondo zogwira akapolo, ndiponso pamene Angoni anabwera ndi zishango, Anyanja a m'mbali mwa nyanja ankathawira pa Chisi, n'kukokera mabwato onse kutsidya kuno kuti adani asowe chowolokera. Anthu anachuluka mpaka chakudya chinachepa. Ankalima paliponse pamene khasu likanalowa, ndipo alonda ankagona pa nsonga kuyang'ana utsi kumtunda. Mabuku amatchula chaka cha 1884 pamene Angoni a Chikusi anaoloka Shire n'kusakaza midzi ya ku mapiri a kuno. Agogowo chaka sankachidziwa, koma ankadziwa mbali imene utsi unaonekera, ndi dzina la mlongo wa amayi awo amene anatsalira kumunda osaonekanso. Polankhula manja awo sanasiye kusenda nandolo.

Mawu a agogo aja ndi amene anandipangitsa kumvetsa mizere ya miyala ija. Anthu sakwera ndi khasu pa malo otere chifukwa chokonda; anakwera chifukwa kumunsi kunali imfa, ndipo atakwera anapasandutsa pamudzi. Ndimadandaula kuti mbiri yotere sitinaiike m'mabuku a ana athu. Tinkawaphunzitsa kuti David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi mu Epulo 1859, zimene zili zoona, koma za anthu amene iwo anawapeza akuwedza, ndi zimene zinawagwera anthuwo m'zaka zotsatira, tinkangodutsapo.

Nsonga yaitali tinaifika dzuwa lili paliwombo. Atsibweni anatikhazika pa thanthwe n'kuyamba kutchula dziko mozungulira, akuloza ndi ndodo. Kumadzulo Zomba ndi Malosa, patsogolo pake kaphiri ka Mpyupyu, ndi mizere yobiriwira ya minda ya mpunga ku Likangala ndi ku Domasi. Chakumpoto Chikala, ndi chilumba china cha Thongwe, ndipo kuseri kwa dambo mchenga wautali wolekanitsa Chilwa ndi Chiuta, pamene panadutsa njanji ya ku Nayuchi yotsegulidwa mu 1970. Kum'mawa mapiri a ku Mozambique, dziko limene linali litangolandira ufulu mu 1975. Kumwera Michesi ndi Mulanje zikuoneka mwa chizimezime m'nkhungu ya chilimwe. Mbali imodzi yokha ndodo yawo inadumpha, ya ku Mikuyu kumene kunali ndende ya andale. Masiku amenewo munthu sankaloza kumeneko, ndipo nafenso sitinafunse. Mnzanga anayesa kupeza denga la sukulu yathu. Mnyamata uja ndi amene analipeza, malata ake akuphethira pakati pa mitengo ya mango.

Tinatsikira mbali ina, ya kum'mawa, yoyang'ana nyanja yaikulu. Njira yake inali yotsetsereka kwambiri, ndipo tinkagwira mizu ndi nthambi. Podutsa pafupi ndi kankhalango kena atsibweni anavula chipewa n'kusiya kulankhula. Tinadziwa tokha kuti ndi manda, nafenso tinachita chimodzimodzi. Mitengo ya pamenepo inali yaitali kuposa ina yonse, chifukwa nkhwangwa siilowamo.

Chakudya tinakadyera kwa alongo awo, amayi a mnyamata uja. Anatipatsa madzi osamba m'manja atagwada, n'kutiikira nsima ya mgaiwa, mlamba wowamba wophikira matimati, ndi chigwada chotendera. Sindinadyeponso mlamba wokoma chotero, kapena mwina ndi njala ya phiri imene inathira mchere. Tikudya, bambo wina wachikulire wa nyumba yoyandikana anabwera kudzatilonjera, ndipo nkhani inabwerera ku kuphwa kwa nyanja. Iye anakumbukira kuphwa kwa m'zaka za m'ma 1930, ali kamnyamata. Anati nsomba zitasowa, amayi ankapala dothi loyera la pansi pa nyanja, kulitcheza, kuwiritsa madziwo mpaka mchere utatsala mu mphika, n'kupita nawo kumtunda kukasinthanitsa ndi chimanga. Anati nyanja ikapita amalira, koma samasamuka onse, chifukwa amadziwa kuti ibwera. Mawu amenewo ndinawakumbukira mu 1995 pamene inaphwanso, ndi mu 2018 pamene anyamata ankapalasa njinga pamene ife tinadutsa pa boti, ndiponso mu 2023 pamene namondwe wa Freddy anaidzaza mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete.

Chimene sichinabwerere ndi mitengo. Nsomba zowamba zimadya nkhuni, anthu anachuluka, ndipo malo ambiri amene tinapumulira pa mthunzi lero ndi miyala yokhayokha yoonekera ngakhale uli kumtunda kuno. Sindiwaweruza owambawo; ana awo amafuna kudya ndi kulipira sukulu. Ndinakondwa pamene amayi a pa Kachulu anayamba kuumitsa matemba m'nyumba za pulasitiki zogwiritsa ntchito dzuwa, ndipo ndimalakalaka njira zoterezi zitafala msanga, zigwa zija zisanathe kukokoloka.

Madzulo tinazungulira m'mphepete mwa nyanja kubwerera kumene tinasiya boti, kudutsa midzi ina itatu kapena inayi. Kwina tinamva Chiyao, kwina Chilomwe, koma moni unali umodzi. Mayi wina anatipatsa malambe, bambo wina anatimangira makumba pa kaluzi, ndipo kukana kunali kosatheka. Atsibweni anayang'ana kumwera n'kunena kuti tifulumire, kamphepo kayamba. Zoonadi tili pakati mafunde anayamba kumenya boti, aafupi koma aukali monga amachitira pa madzi osazama, ndipo mnyamata uja anagwira ntchito yokapa madzi ndi chitini osapuma. Atsibweni sanasinthe nkhope. Anakhotetsa boti kulondola m'mbali mwa njedza mmene mphepo imafooka, ngakhale njirayo inali yotalikirapo, ndipo tinafika pa Kachulu nyali za m'timagolosale zitayatsidwa.

Pagombe ine ndi mnzanga tinasonkherana makwacha angapo, ndipo ndinawapatsa ndi manja awiri. Anabweza dzanja langa mofatsa. "Ayi, aphunzitsi, munali alendo anga. Mukafuna kundithokoza, mwanayu mumulimbikire masamu, ndipo chaka chamawa mubwere ndi kalasi yonse. Ndidzabwereka boti lachiwiri." Mnzanga analonjeza za masamu, ine ndinalonjeza za kalasi. Chaka chotsatira, mayeso a Sitandade 8 atatha, tinaolotsa anawo pa maboti awiri, makolo atasonkha ufa ndi nyemba za kamba wa paulendo, ndipo atsibweni anayambira nawo kwa nyakwawa asanawatengere kuphiri.